Padenga pa a Mbewe

Amayi anga, kodi kumeneko muli bwanji?

Ndine Tawonga. Pepani, zolembazi zikhala zokhotakhota, ndikulemba mothamanga poti nthawi ndilibe. Lero ndi Loweruka m'mawa, ana ndawasambitsa kale. Ikamakwana 2 koloko ndiyenera kukwera padenga pa eni ake ku Mgona, ndipo ndikuchita mantha, Amayi. Womuuza ndilibe. Ndang'amba mapepala m'kope la apongozi anu, amuna anga, kuti ndiuze inu.

Koma ndiyambe bwino, paja munkadana ndi munthu woyambira nkhani pakati.

Mwana uja munamusiya m'mimba anabadwa patatha milungu itatu chikuikireni m'manda. Ndi wamkazi, tinamutcha Esnati, dzina lanu. Pano ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, akukwawa chobwerera m'mbuyo, timano tiwiri tatuluka m'munsi. Akakwiya amakweza nsidze imodzi ngati inu nomwe. Mkulu wake Tiyamike wayamba sukulu ya mkombaphala. Amandifunsabe kuti agogo abwera ndi lole yomwe inakutengani ija kapena pa basi.

Kumaliro kwanu ku Mzimba sindinafike, mukudziwa. Azakhali anakana, anati ndi mimba yotopa sindingakwere lole. Ndinangoima m'mbali mwa msewu wa M1 kuyang'ana mpaka inabisika. Mpaka lero manda anu sindinawaone.

Chimanga chija munadzala m'mbali mwa ngalande tinakolola mu Meyi. Theka anatibera chili chachiwisi, chotsalacho chatifikitsa mu Ogasiti. Nkhuku yanu yakuda inafa ndi chitopa. Mbaula yanu ya chogwirira chawaya ndikuphikirabe, ngakhale pansi pake payamba kubooka.

Nkhani yaikulu ndi ya apongozi anu, bambo a Tiya. Ntchito yawo yoika madishi a kanema mukuidziwa, paja munkati mwana wanu anakwatiwa ndi nkhunda, yongokhalira padenga. Mu Juni, m'mawa kukuzizira, anakwera nyumba ina kuno ku Area 25 malata ali ndi mame. Iwo amene ankauza anzawo kuti padenga umaponda pamzere wa misomali, poti pansi pake ndi pamene pali mtengo, tsiku limenelo anaterereka n'kuponda pakati. Lata linali lodyeka ndi dzimbiri. Anabooleza nalo n'kugwa chagada pa simenti, pabalaza pa eni ake.

Kuchipatala tinakhalako milungu isanu ndi umodzi. Adokotala anandiitanira pakhonde, anati msana wavulala m'munsi, miyendo mwina idzamvanso, mwina ayi. Ndinawafunsa kuti pa mwina awiriwo wamkulu ndi uti. Anangoyang'ana mwana kumsana kwanga.

Pano ali pa matiresi pabalaza. Ndimawatembenuza, ndimawasambitsa, zonse. M'mawa uliwonse amandiuza kuti ndiwatsine chala chakuphazi, iwo atatsinzina. Ndimatsina mpaka chikhadabo kulowa. Ndiye amandifunsa kuti, "Watsina kale?"

Ndinayesa mandasi, Amayi, koma pamzere wathu ogulitsa mandasi tilipo asanu. Foni yawo inkalira tsiku lililonse, anthu kufuna dishi. Akamva kuti adwala amati pepani, basi sayimbanso. Atsala ndi a Mbewe okha, aja oonetsa mpira m'chishedi cha malata ku Mgona. Anali kasitomala wawo woyamba, ndipo ku Mgona aliyense wofuna dishi amafunsa a Mbewe kuti ndiitane ndani. Akatitaya iwowo, dzina la bambo a Tiya lathera pomwepo, ndipo sindikudziwa kuti ana adya chiyani mvula ikamagwa.

Lachitatu kamvuluvulu anapotoza dishi ya a Mbewe. Anayimba, ine ndikumva. "Madala, ine ndimadalira inu, koma Loweruka 4 koloko kuli mpira waukulu, ndipo mpira sudikira odwala."

Apongozi anu anati, "Musadandaule bwana, ndikutumizirani munthu wanga."

Atadula ndinafunsa kuti munthu wanu ndi ndani. Anati, "Iweyo, mayi a Tiya."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. N'zoona ndinkapita nawo nthawi zina, koma ntchito yanga inali yokhala pafupi ndi kanema, kuyang'ana kamzere kosonyeza mphamvu ya siginolo, n'kumakuwa pazenera kuti, "Yakwera! Yatsika! Pomwepo!" Padenga sindinakwerepo. Ine amene ngakhale mumtengo wa mango ndinkatuma anzanga.

Anandilangiza tsiku lonse la Lachinayi. Sipanala iyi ya mabawuti awa. Uponde pamisomali. Usamasule kwambiri. Ndipo anati, "Dishi iliyonse imene ndinaika, ndikamaliza ndimakanda ndi msomali kamzere pachitsulo choimikapo, n'kupitiriza mpaka pa chogwirira dishi. Ukafika, ungobwezera timizere tiwirito tikumane. Ntchito yatha."

Tsopano imvani zimene zinandisokoneza. Lachinayi lomwelo chakumadzulo, dzuwa litangolowa, ndinali panja kuanula zofunda zawo. Ndinangomva anthu akukuwa kumsewu. Kuyang'ana kumwamba, Amayi, timagetsi tambirimbiri titandandalika pamzere umodzi ngati mikanda, tikuyenda chete, popanda phokoso, kudutsa pamwamba pa Kanengo. Mayi a Gift, aneba athu aja, anagwada pomwepo n'kuyamba kupemphera, akuti afiti lero anyamuka mpingo wonse. Bambo wina wodutsa panjinga anati, "Afiti a chiyani inu, amenewo ndi masetilaiti."

Mayi a Gift mtima unakhala pansi. Wanga ndi umene unadumpha. Mawu amenewo ndinkawamva kwa apongozi anu, kuti dishi imayang'ana setilaiti. Ndinati basi, zinthu zija zanyamuka, zikusamuka. Si kamvuluvulu ayi, n'chifukwa chake kanema wa a Mbewe wazima. Ndipo sindinawauze bambo a Tiya. Ndinati munthu wataya kale miyendo, ndimuuzenso kuti chimene ankadyera chathawa kumwamba?

Dzulo ndinapita. Esnati ndi Tiya ndinawasiya kwa mayi a Gift. Ndinavala ovolosi ya apongozi anu, ndinapinda miyendo katatu, pamwamba n'kumanga chitenje. A Mbewe atandiona anayang'ana kumbuyo kwanga kufuna munthu wa ntchito.

"Ali kuti?"

"Ndine ndemwe, bambo."

Anavula chipewa n'kukanda mutu. M'chishedimo munali azibambo akusewera bawo. Wina anati, "Ayi a Mbewe, mzimayi sangatiyende pamutu ife tili mkati." Anatuluka onse ndi bawo lawo, n'kukhala pabwalo kundionerera. Chitenje chinakola pamakwerero, ndinachita kuchivula pamaso pawo. Wina anaimba mluzu. Wina anati, "Mayi, dishi ya kumwambako si yotsukira mbale!"

Ndinakwera, Amayi, sindikudziwa kuti ndinakwera bwanji. Malata anali otentha ngati chiwaya. Ndinakwawa pamisomali mpaka ndinafika. Kamzere kawo ndinakaona ndithu. Koma ndinati kamzere aka n'kakale, setilaiti inachokapo dzulo, ndinaiona ndi maso anga. Ndiye ndinamasula mabawuti onse, n'kuyamba kuisaka. Ndinatembenuzira dishi uku, uko, kumene timagetsi tija tinalowera, mwina ndiigwira imodzi yotsalira. A Mbewe pazenera akungoti, "Palibe! Palibe! Mayi, mukupeta mpunga kapena?" Anthu kuseka mpaka kugwirana mapewa.

Kenaka lata linalira pansi pa bondo langa. Kuti phwa. Basi, ndinauma. Sindinathe kupita kutsogolo kapena kubwerera. Ndinkangoona simenti ija. Mkaka unayamba kutuluka wokha, kunyowetsa ovolosi. Ndinakhala choncho mpaka a Mbewe anakwera makwerero n'kumandilankhula ngati mwana, "Bwerani ndi matako, pang'onopang'ono, musayang'ane pansi."

Nditatsika anandipatsa madzi. Anati, "Mwamuna wanu ndi m'bale wanga. Ndikudikirani mawa mpaka 3 koloko. Ikakwana, ndiitana wina, musadzandide."

Kunyumba ndinafika ndikulira. Ndinawauza zonse, za timagetsi, za kusamuka. Ndinati pepani, setilaiti yanu inapita. Amayi, anaseka. Koyamba chigwereni. Anaseka mpaka msana kuwawa, akuti, "Mayo, undipha iwe!" Tiya nayenso kuseka osadziwa chimene akuseka.

Atapuma anati, "Khala apa. Zimene unaonazo ndi zina, zapafupi. Zapafupi zimayenera kuthamanga, apo ayi zigwa."

Ndinati, zigwa? Zigwera pa ife?

Anati, "Dziko limakoka chilichonse, ngati momwe linandikokera ine. Nazonso limazikoka, sizili pa chingwe, sizinakhomedwe ndi msomali. Chimene chimazisunga ndi liwiro basi. Zikugwa ndithu nthawi zonse, koma zikuthamangira cham'mbali kwambiri, ndiye pamene zikutsika, dziko nalonso poti ndi lozungulira likupindika pansi pake. Zimangolizungulira osaligunda."

Ndinati sindikumva. Anayang'ana pakhomo pamene panali mbaula yanu. Anati, "Amayi ako ankakoleza bwanji moto makala akavuta?"

Apo ndiye ndinamva, Amayi. Ndinakuonani muli pabwalo, mwagwira waya wa mbaula, mukuizunguza mkono wonse, kumwamba, pansi, kumwamba, makala ali psuu, mbaula ili chadodolido pamutu panu koma osagwa ngakhale khala limodzi. Ndinakumbukanso tsiku limene ndinayesa ine ndili Sitandade 4. Ndinayamba bwino, koma itafika pamwamba ndinachita mantha, dzanja n'kufooka, makala n'kundigwera. Chipsera chake chilipo mpaka lero paphewa. Munandipaka mafuta mukundikalipira, misozi ili m'maso mwanu, mukuti, "Mwana wane, ngati ukuopa usayambe. Koma ukayamba, mantha ukachitire pansi, osati mbaula ili pamutu."

Apongozi anu akuti zapafupizo zimathamanga pafupifupi makilomita asanu ndi atatu pa sekondi imodzi. Kuzungulira dziko lonse ola limodzi ndi theka. Akuti kuchoka pano kukafika ku Mzimba mphindi imodzi siikwana. Ulendo umene ine wandikanika miyezi isanu ndi itatu.

Ndinafunsa kuti nanga yathuyo. Anati yathu ili kutali kwambiri, makilomita pafupifupi 36,000. Kutaliko dziko limakoka mofooka, ndiye sifunika liwiro lalikulu choncho, makilomita atatu okha pa sekondi. Akuti mtunda uliwonse uli ndi liwiro lake. Ikachepetsa iyamba kutsika, ikaonjeza kwambiri ithawiratu. Ndipo pamtunda umenewo, kuti izungulire kamodzi pamatenga tsiku lathunthu, chimodzimodzi dziko lenilenilo potembenuka. Ndiye imayenda nafe limodzi. Ife poiona timati yaima.

"Ndiye siinaime?"

"Ikaima igwa. Ikuthamanga kuposa ndege iliyonse, n'cholinga choti iwe ukakwera padenga uipeze pomwe ndinaisiya. Mawa upite ukakhulupirire kamzere kanga."

Amayi, usiku ndimaganiza za inu. Chimwalirireni Adada sindinakuoneni mutakhala pansi tsiku lathunthu. Mdima usanachoke muli kale pamsewu kukapikula tomato, masana pamsika, madzulo kudimba. Koma ine ndikaweruka kusukulu ndinkakupezani pamalo omwewo, pabenchi lanu pansi pa ambulera yong'ambika, ndipo ndinkaona ngati mumangokhala. Ndinkati Amayi anga ntchito yawo ndi yokhala. Sindinadziwe. Ngakhale tsiku lomaliza munagwa dengu lili pamutu, osati pabedi.

Kodi munkaopa? Simunandiuzepo. Ine ndikuopa. Ndikagwa ine, adzawatembenuza ndani bambo a Tiya? Esnati adzayamwa kwa yani? Koma ndikapanda kukwera tigwabe, kungoti pang'onopang'ono. Nthawi yakwana, mayi a Gift akuitana. Ngati kumeneko amalola kuyang'ana pansi, muyang'ane ku Mgona. Kalatayi ndiisiya pansi pa mbaula.

Amayi, ndabwera. Dzuwa likulowa, ndikulembera pakhonde. Ndili wamoyo.

Ndinafika anthu atayamba kale kusonkhana, ena atavala malaya a matimu awo. Mmodzi mwa azibambo a dzulo aja anati, "Eee, opeta mpunga abweranso! A Mbewe, lero timvera pa wailesi." Sindinamuyang'ane. Chitenje ndinavulira kuseri, ndinachipinda n'kupatsa mayi wina wogulitsa chinangwa kuti andisungire. Iye anandigwira dzanja n'kunena chapansipansi kuti, "Kwerani asisi, awa pakamwa pokha, palibe anakwerapo ngakhale pa khola la nkhuku."

Lata lija linaliranso, pamalo omwe aja. Koma ndinayang'ana bondo langa, linali pamisomali. Ndinati mantha ndikachitira pansi. Ndinapitirira.

Kamzere ndinakapeza. Amayi, kamzere kakang'ono ngati kodula ndi lezala, kachita dzimbiri, ndipo pambali pake apongozi anu anakandapo chilembo T. Sanandiuzepo. Dishi imeneyo anaiika mwezi umene Tiya anabadwa. Ndinakhudza ndi chala, ndinatsala pang'ono kulira pomwepo. Manja awo anafika pano, miyendo yawo inaima pano.

Ndinabweza dishi mpaka timizere tinakumana. A Mbewe anakuwa, "Yabwera! Koma ikudukaduka!" Apongozi anu anali atandichenjeza kuti mphepo mwina inapinda chitsulo pang'ono. Anati usakankhe ndi mkono, uzigogoda ndi chikhatho ngati ukudzutsa mwana, ndiye uwerenge mpaka zitatu, poti kanema amachedwa kuyankha. Ndinagogoda. Modzi, wiri, tatu. "Yatsika!" Ndinagogoda mbali inayo. Modzi, wiri, tatu. "Yakwera!" Kachiwiri. "Yakwera! Pomwepo mayi, pomwepo, musapumenso!"

Chishedi chonse chinaphulika ndi chisangalalo pansi panga, malata mpaka kunjenjemera. Ndinamanga mabawuti mosinthanasinthana monga anandiuzira, kuti isasunthe. Nditamaliza ndinaona kuti timizere tija tasiyana pang'ono, ngati kukula kwa njere ya mpunga. Wodzabwera mawa angasokere. Ndinatulutsa msomali m'thumba la ovolosi, ndinakanda kamzere katsopano pambali pa kawo.

Ndisanatsike ndinayang'ana kumene dishi yaloza, kum'mawa chakumpoto pang'ono. Kulibe kanthu, Amayi. Thambo loyera basi, ndi khwangwala mmodzi. Koma pansi panga anthu akuonera mpira.

Mantha ndinachitiradi pansi. Nditangoponda dothi ndinakhala pomwepo n'kusanza. Bambo wa mpunga uja ndi amene anabweretsa madzi. Anati, "Pepani mayi, pakamwa ndi pathu." Kenaka anafunsa ngati ndingakaone dishi ya mlamu wake ku Chipasula. A Mbewe anandipatsa ndalama yanga yonse, n'kuonjezera kabichi.

Kunyumba ndinapeza bambo a Tiya atadzikoka ndi zigongono mpaka pakhomo, zigongono zitasupuka. Sanafunse ngati zatheka, anaona okha.

Anati, "Kamzere kanga unakapeza?"

"Ndinakapeza. Ndi T yemwe."

"Kanali ndendende?"

Ndikanatha kunama, Amayi. Ndinati kanasiyana pang'ono, ndakanda kena pambali.

Anati, "Wachita bwino. Ndi mmene timachitira." Kenaka anatembenuzira nkhope kukhoma. Mapewa ankagwedezeka. Ndinafuna kuwagwira koma ndinadziwa kuti sakufuna ndione. Ndinapita kukapachika chikwama cha masipanala pamsomali wake uja wa pamwamba pa chitseko, ndikunyanyamphira. Osatembenuka anati, "Usapachike apo, sufikira. Khoma msomali wina m'munsi."

Ndakhoma, Amayi. Kulira kwa hamala ija kunandipweteka kuposa tsiku la adokotala.

Posakhalitsa foni inalira pafupi ndi mutu wawo. Anaiyang'ana, nambala yachilendo. Inalira kachiwiri, kachitatu. Anaikankhira kwa ine pa simenti.

"Yankha. Ndi yako."

Ndi ya ku Chipasula ija. Ndipita Lolemba, mame akauma.

Sindikusangalala, Amayi, musaganize choncho. Mawa m'mawa ndiwatsinanso chala, ndipo ndikudziwa chimene adzandifunse. Lolemba ndikaopanso. Koma lero ana adya, ndipo Esnati wagona atagwira kolala ya ovolosi ya bambo ake, ikununkha dzimbiri ndi mkaka.

Ndikulonjeza kuti mvula isanagwe ndibwera. Ine si setilaiti, ndidzakwera basi ya m'mawa, ndidzafika dzuwa litapendeka. Ndidzabwera ndi Esnati kuti mumuone nsidze yakeyo, ndidzasesa pamanda panu ndi manja anga, ndipo kalatayi ndidzakuwerengerani ndekha. Tsiku limenelo lokha ndidzakhala pansi, pambali panu, mpaka madzulo.

Ndimakukondani, Amayi. Mupatse moni Adada.

Ndine mwana wanu,
Tawonga